Volti Imodzi Siipha Munthu

Foni inalira 7:10 m'mawa, Loweruka. Pofika 7:25, Inspekitala anali ataima pakhomo la kashopu kokonzera makompyuta, pakati pa shopu ya wometa ndi sitolo ya nsapato. Anali mayi wa zaka makumi asanu, woseka msanga, ndipo theka la zaka zakezo anathera kupolisi.

Mwini shopu, amene onse ankamutcha Mawaya, anali kwala pansi pa tebulo lachitsulo. Wometa, amene anamupeza, anali atamufunditsa kale nsalu yometera.

"Watisiya, bwana. Magetsi," anatero wometayo. "Ndinkamuuza ine."

Inspekitala anagwada, anavundukula nsaluyo n'kuika zala ziwiri pakhosi. Anadikira. Kenako anaseka mokweza.

"Sajeni, itanani ambulansi! Malirowa akupuma."

Wometa anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndauza kale msewu wonse."

"Pitani mukauzenso."

Kuseri kwa mutu wa Mawaya kunali bala, ndipo pakona ya tebulo panali magazi. Manja ake analibe chilonda chakupsa. Pamwamba pa tebulolo panali kompyuta yotsegula m'mbali, yozimitsa. Inspekitala anaijambula ndi foni mbali zonse.

Sajeni ankakayikira wometa. Anthu oyandikana nawo anati awiriwa ankakangana kawirikawiri, chifukwa makina a Mawaya akathimitsa magetsi, makasitomala a wometa ankatsala ndi mutu wometedwa theka. Koma wometayo anatulutsa foni. Kuyambira 6 koloko mpaka 6:50 anali kunyumba ina, kumeta mkwati ndi anzake anayi. Zithunzi zinalipo, aliyense mano pamtunda.

Nthawi ya 9:30, kuchipatala, dokotala anati chigaza sichinasweke ndipo wodwalayo atsitsimuka. Mkazi wa Mawaya, wokonza mafoni, anakumbatira dokotala, namwino, kenako Sajeni, amene anasowa poika manja.

"Anthu akuti amuna anu agwidwa ndi magetsi a khadi linalake," anatero Inspekitala atakhala naye pabenchi.

Mayiyo anapukuta misozi n'kuseka. "Khadi la zithunzi? Limene limajambula magemu pa kompyuta? Limadya volti imodzi ndi kapang'ono. Ngakhale nyerere singafe nayo."

"Nanga ankalitani?"

"Opanga makhadiwa amaika malire a magetsi kuti lisapse. Ife timawotcherera timawaya tiwiri ndi kachitsulo kopotokola kuseri kwake. Ukapotokola, khadi limanamizidwa, limaona ngati magetsi achepa, ndiye limakoka ochuluka ndipo limathamanga koposa. Ukapyola muyezo, utsi basi. Lero 2 koloko kuli mpikisano wa makhadi othamanga. Anapita kushopu 6 koloko kuti akaliyese kunja kusanatenthe."

Inspekitala anamuonetsa chithunzi cha khadi limene linali m'kompyuta ya kushopu ija. Mayiyo anachikuza ndi zala, nkhope n'kusintha.

"Ili si lathu. Taonani mtovu wake, ngati wadonthetsedwa ndi munthu wothamanga. Lathu ndinawotcherera ndine."

"Inuyo?"

"Amuna anga ndi katswiri pa masamu, koma manja awo amanjenjemera. Ndikamaliza ndimapaka kyuteksi pamene ndawotcherera, kuti mawaya asakhudzane." Anatambasula zala. Zikhadabo zake zinali zofiira piriwiri. "Yemweyu. Madontho anayi."

"Ndani ankadziwa kuti ali kushopu 6 koloko?"

Mayiyo anazengereza. "Ine, ndi alamu anga, achimwene awo aakulu. Amawatcha Ngwazi. Apambana mpikisanowu zaka zitatu. Ndawaimbira kawiri, akungoti abwera mpikisano ukatha, n'kudula foni."

Nthawi ya 1:40, Inspekitala ndi Sajeni analowa muholo ya mpikisano, mkazi wa Mawaya ali pambuyo. Munali makompyuta makumi awiri pamatebulo aatali, mafani ake oziziritsa ali phokoso ngati njuchi. Inspekitala anayenda tebulo ndi tebulo, akupatsa moni aliyense, akuwunika kuseri kwa khadi lililonse ndi katochi. Pa tebulo la khumi ndi chiwiri anaima. Madontho anayi ofiira ananyezimira.

"Kyuteksi wokongola, bambo," anauza mwini tebulolo, bambo wamtali wa imvi zoyamba kumene. "Mumapaka nokha?"

Anali Ngwazi. Anangotambasula manja, Sajeni n'kumutenga.

Mkulu wa mpikisano anafunsa ngati malo a Mawaya afufutidwe. Inspekitala anakanda kumutu.

"Khadili tsopano ndi umboni wa polisi. Koma umboni umafunika kuyesa ngati ukugwiradi ntchito. Mayi, takhalani apa."

Mkazi wa Mawaya anakhala, anatulutsa kasikuludilaiva m'chikwama, n'kupotokola pang'onopang'ono, maso ali pa mita. Manambala anakwera mpaka mavolti 1.21, iye n'kuchotsa dzanja. Mafani analira, zithunzi zinathamanga, utsi sunatuluke. Zotsatira zitaoneka pakhoma, khadi la Mawaya lili pamwamba pa onse, holo yonse inaimirira. Inspekitala ndiye anayambitsa nthungululu.

Nthawi ya 4 koloko, m'chipinda chofunsira mafunso, Inspekitala anaika makhadi awiri patebulo pamaso pa Ngwazi.

"Ili linali m'kompyuta ya mng'ono wanu. Ili linali m'kompyuta yanu. Mundiuze nokha, kapena ndikuuzeni?"

"Wamwalira?" anafunsa Ngwazi.

"Ali moyo."

Bamboyo anagwetsa mutu patebulo n'kulira kwa nthawi yaitali. Inspekitala anamusiya.

"Ndinamuphunzitsa ndine kugwira waya," anatero pomaliza. "M'mawa anandionetsa manambala ake, akuseka. Anandipitirira kutali. Ndinati tisinthane makhadi chaka chino chokha, ndipambane kachinayi ndipume. Iye anati, 'Achimwene, nthawi yanu yatha.' Ankangocheza, ndikudziwa. Koma ndinamukankha. Anamenyetsa mutu pakona. Ndinamuitana, sanayankhe. Ndinaona ngati wapita. Ndinasintha makhadi, n'kuthawa."

"Kukankhako mwina khoti lingamve. Koma munamusiya pansi mwana wa mayi anu, n'kupita kukapikisana."

"Anthu amanditcha Ngwazi, bwana. Popanda dzinalo sindikudziwa kuti ndine ndani."

"Ndinu mkulu wake wa munthu. Limenelo linali lokwanira. Sajeni, lembani."

Nthawi ya 5:30, Inspekitala anadutsanso kuchipatala. Mawaya anali tsonga, mutu uli m'bandeji, chikho cha mpikisano chili pamiyendo. Wometa anali pambali, akupepesa kachisanu chifukwa cholengeza maliro a munthu wamoyo.

"Akuti mkazi wanga wafika 1.21," anatero Mawaya. "Ine ndinkaopa kudutsa 1.18."

"Chifukwa ndinu wamantha, bambo akunyumba," anatero mkazi wake, akumukonzera pilo.

Onse anaseka. Kenako Mawaya anayang'ana Inspekitala.

"Achimwene adya?"

"Sanadye."

"Mayi akunyumba, chakudya mwandibweretserachi gawani pawiri. Ndikadali wokwiya, bwana, mukawauze zimenezo. Koma akadya ndiye mukawauze."

Inspekitala analandira kontena ya chakudyacho, ikadali yotentha, n'kutuluka nayo akumwetulira.