Dzina la Atelala pa Kalata

Mtsikana wina amene ankamutcha Wailesi anabisala pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Panja pa shopu ya bambo ake panaima amayi ogulitsa kaunjika, mwina makumi atatu, ndipo choopsa chake n'choti sankalankhula.

Nkhani yake inali yotere. Boma linkafuna kuika lamulo loletsa zovala za kaunjika. Bungwe la matelala linkalimbikira kuti lamulolo lidutse, ati anthu ayambirenso kusoketsa. Amayi a kaunjika nawo anali ndi bungwe lawo, ati likadutsa ana adya chiyani. Mbali iliyonse inkatolera mayina opita kwa aphungu.

Bambo ake a Wailesi anasaina mobisa kalata ya matelala, poti akuluakulu a bungwelo anati wokana asadzaonenso ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu. Kalatayo Wailesi anaiona m'dirowa. Anangouza mnzake mmodzi pampopi, mmodzi yekha, atamulumbiritsanso. Pofika masana msika wonse unali utamva.

Chitseko chinalira. Wailesi anangoona mapazi, koma anawadziwa. Anali azakhali ake, mtsogoleri wa amayi aja.

"Achimwene, akuti mwasaina."

"Mlongo wanga, takhala pansi tikambirane."

"Ndikhale pati? Pampandopo pali masiketi anga amene mukuchepetsa. Akaletsa kaunjika muzidzachepetsa chiyani, mphepo?"

Wailesi anatsinzina, kudikira mwala woyamba pawindo. Anali atamvapo kuti kwina anthu anatentha makina a telala.

Mwala sunabwere. Amayiwo ankalowa mmodzimmodzi, aliyense n'kuchotsa zovala zake pamsomali, zosokedwa ndi zosasokedwa zomwe. Kumbukirani, ntchito ya bambowa ya tsiku ndi tsiku inali imeneyo, kuchepetsa ndi kupinda za kaunjika. Mayi wina anawerama kuti atenge thumba lake pansi pa tebulo, maso ake n'kukumana ndi a Wailesi.

"Unachita bwino kutiuza, mwanawe," anatero, mawu osatsitsa n'komwe.

Atapita onse, pakhoma panatsala misomali yokhayokha. Bambo anakhala pamakina, phazi lili pachopondera, osaponda.

"Tuluka," anatero osayang'ana pansi. "Kawauze amayi ako kuti lero ndiweruka msanga. Zinazo amva kale."

Njira yakunyumba inkadutsa pakati pa msika. Anzake anamuthamangira.

"Iwe Wailesi, tatiuza, kwachitika zotani?"

Anawadutsa atazolika, misozi ikudonthera pamalaya.