Tena ndi Chisoti Chofiira

Tena anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ndi amayi ake mumzinda wa Osijek. Tena ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna mendulo.

Mendulo sagula m'sitolo. Mendulo amapatsa mwana amene wamaliza mpikisano. Mpikisanowo unali wa zinthu zitatu. Choyamba, kusambira. Chachiwiri, kupalasa njinga. Chachitatu, kuthamanga. Zonse tsiku limodzi. Zonse osapuma.

Tena ankadziwa kusambira. Ankadziwa kupalasa njinga. Kuthamanga ndiye osanena. Koma Tena anali ndi vuto. Ankaiwala chisoti cha njinga.

Lachiwiri lililonse ana ankayeserera. Ankayeserera ndi aphunzitsi Goran. Aphunzitsi Goran anali ndi wezulo. Analinso ndi mawu aakulu.

Lachiwiri ili, ana anavuuka m'dziwe. Anathamangira kunjinga zawo. Tena anali patsogolo. Anafika. Anagwira njinga yake.

Pyeee! Wezulo inalira.

"Tena!" anakuwa aphunzitsi Goran. "Mutu wakowo uli mbulanda!"

Tena anagwira kumutu. Zoonadi. Chisoti chake chofiira chinali pansi.

"Ana inu, lamulo likuti chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Chisoti choyamba! Njinga pambuyo!" anayankha ana onse.

"Mpikisano ndi Loweruka lino," anatero aphunzitsi. "Ukakwera njinga wopanda chisoti, akutulutsa. Akakutulutsa, mendulo palibe. Wamva, Tena?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Dunja anaseka. Dunja anali mnzake wa Tena. Anali wa pakamwa.

"Tikumatire pamutu ndi guluu?" anafunsa Dunja.

"Choka iwe," anatero Tena. "Umasambira ngati nkhuku."

Tena anafika kunyumba nkhope ili ndwii. Amayi anali atangofika kumene. Amayi ankagwira ntchito kophika buledi. Ankadzuka kusanache. Ankabwera atatopa, ufa uli m'tsitsi.

"Ndaiwalanso chisoti," anatero Tena. Misozi inalengeza.

"Misozi siveka munthu chisoti," anatero Amayi. "Samba m'manja. Idya kaye."

Tena anadya. Akudya, anaganiza. Anaganiza, anaganiza. Kenako anadumpha.

"Ndiyeserera m'nyumba muno!"

"Chita," anatero Amayi. "Koma usandidzutse." Ndipo anakagona pang'ono.

Tena anatenga njinga pakhonde. Anaiimika pabalaza. Anaika chisoti pampando. Anathira madzi m'bafa.

Phava! Tena analowa m'bafa. Vuu! Tena anatuluka. Anathamanga, pha, pha, pha! Anavala chisoti. Anamanga lamba, kha! Kenako anagwira njinga.

"Chisoti choyamba! Njinga pambuyo!"

Anachitanso. Phava! Vuu! Pha, pha, pha! Kha!

Anachitanso kachitatu. Anachitanso kachinayi.

Amayi anadzuka. Anaponda pansi. Sokosi zawo zinanyowa.

"Iwe Tena! Kodi mtsinje wa Drava wasamukira muno?"

"Ndikuyeserera, Amayi."

"Yeserera ndi kukolopa komwe. Eko chokolopera."

Tena anakolopa. Anakolopa atavala chisoti.

Lachitatu anayeserera. Lachinayi anayeserera. Lachisanu ndiye anakana kuchivula. Anatsuka mano atavala chisoti. Anawerenga buku atavala chisoti. Anakhala patebulo atavala chisoti.

"Vula, tikudya," anatero Amayi.

"Ndingaiwale, Amayi."

"Msuziwu sukugwera pamutu. Vula."

Tena anavula. Koma anachiika pamwendo.

Loweruka linafika! Tena anadzuka msangamsanga. Anadumphadumpha pabedi.

"Lero! Lero! Lero!"

"Ndamva," anatero Amayi. "Anansi onse amva. Vala."

Tena anakankha njinga. Amayi ananyamula matumba. Thumba la thaulo. Thumba la nsapato. Thumba la madzi. Thumba la mikate yopyapyala yopaka jamu.

Kudziwe kunali anthu ambiri. Kunali nyimbo. Kunali mbendera. Kunali ana ambirimbiri.

Mayi wina anagwira mkono wa Tena. Analembapo nambala ndi cholembera chakuda. Analemba 27. Analembanso pamwendo. Tena anaseka. Cholemberacho chinkamugirigisha.

Njinga zonse zinali mumpanda. Pachipata panali bambo wa mbendera yachikasu.

"Makolo, malire ndi pano," anatero bamboyo. "Muno ndi mwa ana okha."

Tena analowa yekha. Anakoleka njinga pachitsulo. Anayala thaulo pansi. Anaikapo nsapato. Anathira paudala m'nsapatomo, kuti mapazi onyowa alowe msanga. Chisoti anachiika pamwamba penipeni.

Bambo wa mbendera anaitana ana onse.

"Tamverani, ana inu. Osagwira njinga opanda chisoti. Osataya kanthu panjira. Osapatsa makolo kanthu. Osalandira kanthu kwa makolo. Wochita zimenezo, timutulutsa. Mwamva?"

"Tamva!"

Ana anandanda m'mphepete mwa dziwe. Mtima wa Tena unkagunda. Gu, gu, gu! Dunja anali pambali pake.

"Guluu uja ndabweretsa," ananong'ona Dunja.

"Usamire, nkhuku iwe," ananong'ona Tena.

Pyeee!

Phava! Phava! Phava! Ana onse m'madzi!

Madzi anali ozizira. Manja anali ponseponse. Miyendo inali ponseponse. Wina anamuponda Tena paphewa. Madzi analowa m'mphuno. Tena anatsokomola. Koma sanaime. Anasambira. Anasambira. Anafika kutsidya.

Vuu! Tena anatuluka. Anathamanga, pha, pha, pha! Analowa mumpanda. Anapeza thaulo lake. Anavala nsapato.

Dzanja linanyamuka. Linkapita kunjinga. Tena analibweza.

"Chisoti choyamba!"

Anavala chisoti. Anamanga lamba, kha! Kenako anagwira njinga.

"Eyaaa!" anakuwa aphunzitsi Goran kunja kwa mpanda. "Ndi zimenezotu, Tena!"

Tena anakwera. Anapalasa. Msewu unali m'mbali mwa mtsinje. Mphepo inkawomba kumaso. Fyuu! Tena anapitirira mwana mmodzi. Fyuu! Anapitirira wachiwiri. Fyuu! Anapitirira Dunja.

"Ndakumbukira! Ndakumbukira!" anakuwa Tena.

Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Anabwerera kumpanda. Anatsika. Anakoleka njinga pachitsulo.

Tsopano kuthamanga!

Miyendo inali lobodolobodo. Inali ngati si yake. Koma Tena anaikoka. Anatuluka pachipata. Anathamanga. Mpanda unatsala kumbuyo, kutali.

Anthu ankamuloza. Anthu ankaseka. Tena sanadziwe chifukwa chake.

Dunja anamupeza. Anamuyang'ana. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Tena! Njinga wasiya. Nanga chisoticho ukupita nacho kuti?"

Tena anagwira kumutu. Mayo! Chisoti chinali pompo. Anayang'ana ana ena. Mitu yawo inali pamtunda. Yense anasiya chisoti panjinga. Tena yekha anaiwala kuvula.

Tena anaima. Dunja anapita. Mwana wina anamudutsa. Winanso anamudutsa.

Amayi anali apo, kuseri kwa chingwe. Matumba anali m'manja. Tena anathamangira kwa iwo. Anagwira lamba wa chisoti.

"Amayi, landirani!"

Amayi anabwerera m'mbuyo.

"Ayi! Usandipatse. Akutulutsa."

"Nditaye pansi?"

"Usataye. Akutulutsa."

"Ndibwerere kumpanda?"

Tena anacheuka. Mpanda unali kutali. Miyendo inali itatopa. Akabwerera, sakanatha kumaliza. Akapanda kumaliza, mendulo palibe.

Pambali pa njira tsopano panali bambo wa mbendera uja. Tena anapukuta m'maso. Anapita kwa iye.

"Pepani, bambo. Kodi lamulo likuletsa kuthamanga ndi chisoti?"

Bamboyo anakanda kumutu. Anayang'ana kumwamba. Anayang'ana Tena.

"Kukwera wopanda chisoti, likuletsa. Kuthamanga nacho, ayi. Sililetsa."

"Ndiye sindinalakwe?"

"Sunalakwe, mwanawe. Kungoti chikulemera."

"Nanga waimiranji?" anakuwa Amayi. "Thamanga nacho! Sindinadzuke m'mawa kudzaonera munthu ataima!"

Tena anathamanga.

Chisoti chinkagwedera. Gwede, gwede, gwede! Mutu unkatentha. Thukuta linkalowa m'maso. Tena sanaime.

Anthu anasekabe. Koma tsopano ankaomba m'manja.

"Wachisoti! Wachisoti! Thamanga, wachisoti!"

Tena anamwetulira. Anakweza dzanja. Anthu anakuwa kwambiri. Miyendo inadzuka. Inayamba kumumvera.

Amayi nawo ankathamanga kunja kwa chingwe. Matumba ankawamenya m'miyendo. Botolo la madzi linkalira, khutchu, khutchu!

"Pepani! Ndidutse! Mwana wachisotiyo ndi wanga! Ndidutse!"

Kutsogolo Tena anaona Dunja. Dunja ankayenda. Anali atagwira m'nthiti.

"Mukundibaya muno," anatero Dunja. "Ndatopa. Ndikhala pansi."

"Ukhala pansi? Ine ndasenza chisoti, iwe wasenza chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye tiye, nkhuku iwe! Tiye!"

Dunja anaseka. Anayamba kuthamanga pang'onopang'ono. Tena anali kumanja. Dunja anali kumanzere. Gwede, gwede, gwede!

Anakhota. Anaona chipata chachikulu chabuluu. Anaona mzere woyera pansi.

"Uko! Uko!" anakuwa Tena.

Anathamanga. Anathamanga. Anathamanga. Anadumpha mzere onse awiri!

Sanali oyamba. Sanali omaliza. Koma anamaliza!

"Tamaliza! Tamaliza!" Anagwirana. Anadumphadumpha.

Mayi wa mamendulo anafika. Anaveka Dunja. Mendulo inalowa bwinobwino. Anatembenukira kwa Tena. Anakweza chingwe cha mendulo. Anachitsitsa. Chinakodwa pachisoti.

Anakoka uku. Chinakana. Anakoka uko. Chinakana. Mendulo inangolendewera pamphuno pa Tena.

Dunja anagwa pansi ndi kuseka. Aphunzitsi Goran anagwira pamimba.

"Mwana uyu!" anatero aphunzitsi. "Chaka chonse ndakhala ndikuti vala. Tsopano ndiyambe kuti vula?"

Tena anayesa kumasula lamba. Lamba anakana.

Amayi anafika ali wefuwefu. Anaponya matumba pansi. Anagwada.

"Bwera kuno. Kweza chibwano."

Kha! Lamba anamasuka. Amayi anachotsa chisoti. Tsitsi la Tena linali litanyowa. Linali litaima ngati udzu. Kamphepo kanadutsa pamutu. Aaa, kukoma!

Mendulo inatsika. Inafika pachifuwa. Inali yozizira. Inali yolemera. Inali yake.

"Amayi, taonani! Taonani!"

"Ndikuona," anatero Amayi. Anamupukuta kumaso ndi thaulo. Anamupsompsona pamphumi. "Wamchere ngati tchizi. Wachita bwino, mwana wanga."

Anakhala paudzu. Anapatsidwa chivwende. Tena anadya zidutswa zitatu. Dunja anadya zinayi. Kenako anadya mikate ya jamu. Amayi anavula nsapato. Anatambasula miyendo. Anatseka maso pang'ono.

Nthawi yopita kunyumba inakwana. Tena anagwira njinga ndi dzanja limodzi. Dzanja lina linagwira mendulo. Amayi anatola matumba. Awiri kumanja. Awiri kumanzere.

Chisoti chinatsala paudzu.

"Tola," anatero Amayi.

"Manja adzaza, Amayi."

"Ndiye vala."

"Ayi! Mutu wanga watopa."

Amayi anayang'ana chisoti. Anayang'ana matumba. Anapuma mozama.

"Ndiveke. Fulumira."

Amayi anawerama. Tena anawaveka. Chisoti chinali chaching'ono. Chinangokhala pamwamba ngati kambale.

Anayamba ulendo. Tena patsogolo ndi mendulo. Amayi pambuyo ndi chisoti. Gwede, gwede, gwede!

Anthu a pamsewu anawaona. Anaomba m'manja.

"Wachisoti! Wachisoti!"

"Usaseke," anatero Amayi.

Tena anaseka. Amayi anayesa kulimba. Anayesa, anayesa. Kenako nawonso anaseka.