Yankho la Aphunzitsi

Anakumana koyamba m'chipinda cha mayeso. Mtsikanayo anali mphunzitsi woyesa alendo ophunzira chilankhulo cha m'dzikolo. Mnyamatayo anali dokotala wa mano wochokera kunja. Mayesowo sanali a galamala, koma oona ngati munthu amamva zimene mnzake akutanthauza kuseri kwa mawu.

"Mwapempha tchuthi, abwana akuti, 'Ndiganize kaye.' Akulolani?" anafunsa mphunzitsi.

"Akuganiza, ndiye ndidikira."

"Mudikira mpaka imvi. Akukanani mwaulemu."

Dokotala analephera mayesowo, koma anatuluka akumwetulira. Anayamba kubwera kudzaphunzira madzulo akaweruka, mpaka anakhoza. Maphunziro atatha, mameseji sanathe.

"Duwa langa, lero ndinatsala pang'ono kuzula dzino labwinobwino poganiza za inu."

"Musandiphere anthu, Adokotala," ankayankha mphunzitsi, foni ataikumbatira pachifuwa.

"Simudzalira chifukwa cha ine. Ndikulonjeza."

Tsiku lina ali pabenchi panja pa chipatala, dokotala anamugwira dzanja. "Ndikufuna mukhale mkazi wanga."

Mtima unavomera pomwepo, koma manyazi anafika pakamwa msanga. "Ndiganize kaye," anatero akuyang'ana pansi.

Dokotala anasiya dzanjalo pang'onopang'ono. "Ndamva, aphunzitsi. Zikomo."

Kuyambira tsikulo foni inangoti zii. Mphunzitsi ankalira m'bafa kuti ena asamve. Lonjezo lija linali kuti? Kodi chikondi chimazima msanga chonchi?

Atafotokozera mkulu wake, mkuluyo anaseka mpaka misozi. "Iwe, mpeni unanola wekha, lero wakucheka. Munthuyo wamva zimene unamuphunzitsa. Ukamangolira pano, akwera ndege kubwerera kwawo."

Mmawa mwake mphunzitsi anakakhala pamzere pakati pa anthu otupa masaya. Nthawi yake itakwana, analowa n'kukhala pampando wa odwala. Dokotala anadzidzimuka. Anali ataonda, maso ali ofiira.

"Dzino liti likuvuta?" anafunsa motsitsa mawu.

"Palibe dzino. Tsiku lija munamva mawu, koma simunandiyang'ane kumaso. Abwana akatero akukana. Mtsikana akatero uku akuyang'ana pansi, nthawi zina amakhala akufuna mufunsenso."

"Ndinaopa kukuumirizani," anatero dokotala. "Munthu akakana mwaulemu, nawenso umachoka mwaulemu. Ndinayesa mukundimvera chisoni chabe."

Zaka zonsezi mphunzitsi ankapatsa anthu malikisi pa zinthu zimene naye zinkamuzunguza mutu.

"Funsaninso," anatero.

Dokotala anavula magolovesi. "Mudzakhala mkazi wanga?"

"Eya. Ndipo kuseri kwake kulibe china."

Panja wodwala wina anagogoda mosaleza mtima. Dokotala sanatembenuke n'komwe.

"Funso limodzi, aphunzitsi. Kuyambira lero ndingamanene kuti 'iwe'?"

Mtsikanayo anapukuta misozi. "Tayesa ndimve."