Tikiti Yachitatu ya ku Copenhagen

Bodil anali akusenda mbatatesi pasinki pamene Henning analowa m'khitchini osavula jombo. Zimenezo zokha zinamuuza kuti pali nkhani. Mwamuna wakeyu ankaiwala zambiri, koma jombo za kukhola la ng'ombe sankalowa nazo m'nyumba pokhapokha mutu uli kwina.

"Amayi nawonso akupita," anatero Henning, maso ali pafiriji.

"Akupita kuti?"

"Ku Copenhagen. Tikiti agula kale. Sitima yathu yomweyo."

Bodil anaika mpeni pansi pang'onopang'ono.

Ulendowu anaukonza miyezi inayi. Anapeza munthu wodzakama ng'ombe, anapempha mchemwali wake kuti asunge ana awo awiri aang'ono, anasinthana masiku ndi mnzake kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Sankafuna zambiri. Masiku awiri okha osadzutsidwa ndi ng'ombe, mwana kapena apongozi.

Koma panali chifukwa china chimene sanauze munthu. Loweruka limenelo ukwati wawo unkakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri ndi theka. Tsiku lotero abale amalawirira m'mamawa, amakhoma nthambi zobiriwira mbali imodzi ya khomo, n'kukudzutsani ndi nyimbo pawindo. Mbali inayo amadzaimaliza zaka zikakwana makumi awiri ndi zisanu. Kwawoko, kufupi ndi Skive, ngakhale mabanja ongokhalira kukangana ankawachitira zimenezi. Oyenera kumema anthu anali apongozi ake, Mayi Gudrun, amene ankakhala m'kanyumba kotsidya kwa bwalo. Ndipo Bodil anali atamva kale kusitolo zimene iwo ananena: "Zimenezo timachitira ukwati woyamba." Ndiye anasankha kuthawa. Bola kudzuka m'hotela kusiyana ndi kudzuka pakhomo lopanda kanthu, aneba akusuzumira m'makatani.

"Akukatani kumeneko?" anafunsa Bodil.

"Akuti akufuna akaike maluwa pamanda a Lone. Papita nthawi."

Lone anali mkazi woyamba wa Henning, wobadwira ku Copenhagen ndipo anaikidwa komweko. Anamwalira n'kusiya mwana wamkazi wazaka zisanu, Solvej, amene Bodil analera. Tsopano Solvej anali pasukulu yaukachenjede mumzindamo.

"Chaka chonsechi manda aja anali pompaja, Henning. Awakumbukira sabata ino?"

"Ndi munthu wamkulu, Bodil. Ndiwauze chiyani?"

"Uwauze kuti ayi. Ndi mawu aafupi, ngakhale ng'ombe zako zimawamva."

Henning anayang'ana matope amene anapaka pansi, n'kutuluka.

M'sitima, Lachisanu, Mayi Gudrun anakhala pafupi ndi mwana wawo, Bodil n'kukhala moyang'anana nawo ngati mlendo wongokumana naye panjira. Atadutsa mlatho waukulu, mayiwo anatulutsa buledi wakuda wopaka chiwindi. Anali atakulunga zidutswa ziwiri zokha.

"Sindinadziwe ngati umadya chiwindi," anatero.

"Ndimakugulirani sabata iliyonse, apongozi. Timadyera tebulo limodzi."

Ku Copenhagen kunali mvula yowaza ndi njinga zosaleka. Bodil ankafuna zinthu ziwiri zokha: kukwera boti lozungulira m'ngalande za mumzinda, ndi kukhala pansi m'mbali mwa doko kumwa khofi wotentha amene sanaphike yekha. Atafika pokwerera boti, bondo la Mayi Gudrun linayamba kuwawa. Atafika pakhofi, mipando inali yozizira. Koma pofunafuna maluwa oyera amene Lone ankakonda, bondo lija linachira, moti anayenda masitolo anayi.

"Apa m'pamene Lone ankagwira ntchito. Henning, ukukumbuka pakona apo? Munadya pamenepo tsiku logula mphete," ankatero Mayi Gudrun.

"Mm," ankatero Henning.

Bodil ankayenda pambuyo, atanyamula ambulera ndi chikwama cha apongozi, nsapato zitalowa madzi.

Loweruka m'mawa, seveni koloko isanakwane, kunamveka kugogoda pachitseko cha chipinda chawo. Bodil anadzambatuka, akuganiza kuti mwina abwera kudzawaimbira. Anadzikwiyira nthawi yomweyo, chifukwa anali atadzilonjeza kuti sayembekezera kanthu. Anatsegula.

Anali Mayi Gudrun, atavala chikhoti chakuda, maluwa oyera ali m'manja.

"Simunavalebe? Fulumirani, tinyamuke pompano. Kadzutsa tikadya pobwera."

"Lero?" anafunsa Bodil. "Mukudziwa kuti lero ndi tsiku lanji?"

"Ndi Loweruka."

Bodil sanapirirenso. Anatsegula chitseko chonse, osasamala kuti ali ndi chovala chogonera, kapena kuti m'zipinda zina anthu akugona.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikupukuta fumbi pachithunzi cha Lone pabalaza panga! Mutathyoka m'chiuno, amene ankakusambitsani ndani? Lone sanandilakwire kanthu, anangomwalira. Ndinu amene mumamudzutsa tsiku lililonse kuti mundikwapule naye. Ndathawa kunyumba kuti ndisaone manyazi a khomo lopanda kanthu, inu mwagula tikiti kunditsatira nawo manyaziwo!"

"Tsitsa mawu, suli kukhola," anatero Mayi Gudrun. "Unapeza nyumba yomanga kale, mbale zogula kale, mwamuna wophunzitsa kale. Ukufunanso tikuimbire? Wavutikira chiyani?"

Bodil anatembenukira mwamuna wake. Henning anali atakhala pabedi, sokosi imodzi ili m'manja.

"Wamva? Lankhula."

"Bwanji tingopita kumandako mwachangu," anatero Henning, "kenako masana tikakwere boti lija..."

Bodil anamenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha pakhoma chinapendekeka. Anavala mofulumira, n'kuyamba kuponya zovala m'sutikesi, misozi ikugwera momwemo.

"Ukutani tsopano?"

"Ndikupita kwa mchemwali wanga. Ana ali kale komweko, zandichepetsera ntchito. Iwe tsala ndi akazi ako awiri, wamoyo uyo ndi wakumandayo. Ine wachitatu ndatopa."

"Bodil, chonde."

"Chonde chiyani? Mawu amodzi okha ndinakupempha. Amodzi!"

Anakoka sutikesi, n'kutsegula chitseko. Anangoima.

M'kanjira ka pakati pa zipinda munali Solvej, tsitsi likudontha madzi, manja akuda ndi girizi. Anali atakumbatira mtolo wa nthambi zapaini zomangidwa mokhota ngati uta, m'kamwa ataluma tepi yomatira. Anailavulira pansi.

"Ndachedwa eti? Tcheni cha njinga chinaguluka panjira." Anayang'ana sutikesi, kenako maluwa a agogo ake. "Agogo, maluwawa ndi achiyani? Si ndinakuuzani pafoni mwezi watha kuti ndibwera seveni koloko kudzawadzutsa? Ndinati kumanda ine ndipita ndekha Lamlungu."

Henning anatuluka, phazi limodzi lopanda sokosi.

"Amayi, munkadziwa? N'chifukwa chake mumatifulumizitsa? Kuti mwanayu adzapeze chipinda chopanda anthu?"

Mayi Gudrun anakweza chibwano. "Ndimafuna asadzichititse manyazi. Kuimbira munthu amene si mayi ake, amayi ake enieni ali chigonere mumzinda womwe uno."

"Amayi anga sindinawaiwale," anatero Solvej. "Koma amene ankandipesa nsabwe ndi Bodil. Amene anagona nane kuchipatala ndi Bodil. Inu munkangondiuza kuti sindikufanana ndi amayi anga mokwanira."

Bodil sanafewe. Analoza mtsikanayo, koma maso ali pa mwamuna wake.

"Mwana uyu wanyamula nthambi panjinga, pamvula, kudutsa mzinda wonse. Iwe wanyamula chiyani, Henning? Sokosi?"

Nkhope ya Henning inafiira mpaka m'makutu. Kenako analowa m'chipinda cha mayi ake. Anatulukamo atanyamula chikwama chawo.

"Kuli sitima ya naini koloko, amayi. Ndikuperekezani kusiteshoni."

"Ukundithamangitsa? Ine amene ndinakubereka? Chifukwa cha uyu?"

"Dzina lake ndi Bodil. Ndi mkazi wanga, ndipo lero ndi tsiku lake. Maluwa siyani, ine ndi Solvej tikawaika mawa."

Mayi Gudrun analira mokweza, anatchula malemu amuna awo, anati bondo silingawafikitse kusiteshoni. Henning anati aitana takisi. Atazindikira kuti palibe wowanyengerera, anakankhira maluwa aja pachifuwa cha mwana wawo n'kutsika masitepe mwaliwiro, bondo osalikumbukira.

Solvej anamata nthambi zija pafelemu ya chitseko ndi tepi, chifukwa m'hotela sakhoma misomali. Zinagwa kawiri. Kenako anaima chilili n'kuyamba kuimba nyimbo ya m'mawa ija yekhayekha, mawu akuthawa. Bambo wina wa chipinda choyandikana anasuzumira atavala thawulo, anaona nthambizo, n'kulowa nawo pavesi yachiwiri.

Bodil analira atakhala pasutikesi, akupukuta misozi mwaukali ngati akupukuta tebulo.

"Siyani, muwadzutsa anthu," ankatero. Koma sanadzuke.

Masana anakwera boti lija, mvula ikuwazabe. Henning anayesa kumugwira dzanja. Bodil anamulola, koma sanamuyang'ane.

"Usaganize kuti zatha," anatero. "Wanena ayi kamodzi. Ine ndadikira zaka khumi ndi ziwiri."

"Ndi theka," anatero Henning chapansipansi.

"Usandiseketse. Ndidakakwiyabe."

Lolemba madzulo Bodil anali pasinki pake, akusenda mbatatesi. Panja pankamveka hamala. Henning anali atanyamula nthambi zija m'sitima ulendo wonse, ndipo tsopano ankazikhoma pakhomo lakutsogolo, loyang'ana kumsewu, zofota kale komanso zopendekeka. Galimoto za aneba zinkachepetsa liwiro podutsa.

Kutsidya kwa bwalo, katani ya Mayi Gudrun inali yotseka, koma pakona pake pankagwedezeka. Chibwerereni sanaponde m'nyumbamo, iwo amene kwa zaka zonsezi ankafika sikisi koloko ndendende, kukhala pampando wapamwamba n'kudikira mbale.

Bodil anawerenga mbatatesi za m'poto. Zake, za Henning, za ana. Anatenga zina ziwiri m'thumba, anazigwira kanthawi, n'kuziika pathabwa zosasenda. Pambali pake anaikapo mpeni wina.

"Henning!" anaitana pawindo. "Ukamaliza kuwononga khomo langalo, ukawauze amayi ako kuti chakudya ndi sikisi koloko. Zawo azipeza pathabwa. Mpeni ulipo."

Hamala inaleka kulira. Bodil sanadikire yankho. Anatola mbatatesi imene anaisiya pakati, n'kupitiriza kusenda.