Misomali ya M'mabwato a Gervazio

Chaka chimene thonje linagulidwa motchipa, a Gervazio anagulitsa ng'ombe yawo yotsala n'kugula bwato. Linali bwato lamatabwa, lakale, lomwe mwini wake anali atatopa nalo. Analitsitsira pa damu lalikulu la kumwera kwa Sinda, kumene anthu amapha makumba ndi milamba yokagulitsa ku Katete. Asodzi ambiri a pamenepo analibe mabwato awoawo. Ankachita hayala m'mawa n'kubweza madzulo, ndipo a Gervazio anaganiza kuti nawonso azidyera pomwepo.

Sizinayende. Pa doko lomwelo panali a Bonface, mnzawo wa kutchalitchi, amene anali ndi mabwato awiri atsopano opaka utoto wobiriwira. Asodzi onse ankathamangira kumeneko. Bwato la a Gervazio linkalowa madzi, ndipo wolitenga ankathera nthawi kukapa madzi m'malo moponya ukonde. A Gervazio anatsitsa mtengo. Anautsitsanso mpaka kufika theka la wa a Bonface, koma anthu ndiye anachita kulithawiratu.

"Chinthu chikatchipa chonchi ndiye kuti mwini wake akudziwapo kanthu," anatero msodzi wina, akudutsa osaima.

Pakhomo ankadalira zitumbuwa zimene akazi awo, a Ottilia, ankagulitsa pa dokopo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Maxwell, anatopa nazo n'kupita ku Lusaka kukanyamula katundu mu msika. A Gervazio ankakhala pa chitsa tsiku lonse, kuonerera. Anaona a Bonface akufolera nyumba ndi malata. Anawaona akugula njinga yamoto. A Bonface ankawapatsa moni mwaulemu, ndipo moni umenewo unkawawawa kuposa mwano.

Wogula nsomba wina ndiye anawanong'oneza za munthu wodziwa zokhwima wa ku Vubwi, chakumalire, dzina lake a Ezekieli. A Gervazio ananyamuka, kunyumba atanena kuti akukafuna matabwa.

Anafika masana, dzuwa lili paliwombo. Ankayembekeza kapanyumba ka utsi ndi zikopa, koma anapeza nyumba ya njerwa yosesedwa bwino kuseri kwa chigayo. A Ezekieli anali munthu wochepa thupi, wovala shati loyera losita. Anali atakhala pakhonde, patsogolo pawo pali beseni la madzi, ndipo manja awo onse anali m'madzimo. Sanawatulutse ngakhale popereka moni.

"Mwabwera ndi fungo la damu," anatero. "Mukufuna nsomba kapena anthu?"

"Ndikufuna anthu azikwera bwato langa."

"Zimenezo n'zosavuta. Nsomba zikamatsata bwato, anthu amatsata nsomba. Mukhoza kutchula mtengo uliwonse, adzalipira."

"Nanga ineyo ndikupatsani zingati?"

A Ezekieli anamwetulira. "Ine musandipatse kanthu. Wopatsidwa alipo wina."

Anatulutsa dzanja limodzi m'beseni. Munali misomali itatu yakuda, yonyowa. Anaiyala pa simenti.

"Msomali umodzi, bwato limodzi. Mukaukhoma kutsogolo, pansi pa mpando, bwatolo silidzabwerako lopanda nsomba. Koma msomali uliwonse uli ndi munthu wake. Madzi adzamutenga mwa anthu okwera."

A Gervazio anafunsa: "Munthu wake uti?"

"Sinu wosankha. Inenso sindisankha. Madzi amatenga mwa amene alipira. Ndalama ya munthu ikangofika m'dzanja lanu, ndiye kuti mwamulowetsa pa mzere. Ndipo wobwera ndi ndalama musamubweze. Mukamubweza, mwalowa m'malo mwake ndinu."

"Nanga apabanja panga?"

"Kodi mwana amalipira bwato la atate wake?" anafunsa a Ezekieli. "Wokwera ulere madzi samudziwa."

A Gervazio anaganiza za asodzi a pa damu. Ambiri anali obwera, ochokera kutali, ena osadziwika ndi komwe kwawo. Komanso anthu amamira chaka ndi chaka popanda wowakhwimira.

"Ine ndikufuna umodzi wokha," anatero.

"Tengani yonse. Wokhoma ndinu. Mukafuna umodzi, inayo mukataye."

Sanaitaye. Anaikulunga m'kansanza n'kuisomeka kudenga.

Woyamba kukwera bwato lokhomedwalo anali munthu amene anasowa malo kwa a Bonface. Anabwerako bwato litatsala pang'ono kumira ndi makumba. Mawa lake analikanganirana anthu atatu. Silinalowenso madzi. Pasanathe mwezi, asodzi ankafika kusanache bwino n'kuima pamzere pa chitsa cha a Gervazio, mabwato obiriwira ali pambali osakhudzidwa. A Gervazio anakweza mtengo kufanana ndi wa a Bonface, palibe anadandaula. Anaukwezanso kuposa pamenepo, anthu anangoseka n'kulipira. Ena anayamba kulipiriratu za sabata yamawa.

Pakhomo panasintha. A Ottilia anasiya kukazinga zitumbuwa. Anagula malata, kenako magetsi a sola, kenako foni yaikulu yolandirirapo ndalama chifukwa ogula nsomba a ku Katete sankakonda kuyenda ndi ndalama m'thumba. Miyezi inapita popanda choipa, mpaka a Gervazio anayamba kukhulupirira kuti mkulu wa ku Vubwi uja ankangowaopseza.

Tsiku lina la m'nyengo yotentha, kunja kuli bata, bwato linabwerera lokha. Linayenda molunjika ngati pali wopalasa, n'kudzaima pamalo pake. Munali nsomba zodzaza, ukonde wopindidwa bwinobwino, nkhafi itagonekedwa pambali. Munthu munalibe. Anali bambo wina wa ku Petauke, wosayankhulayankhula, amene anangokhala pa damupo nyengo imodzi. Anamupeza mawa lake m'bango.

A Gervazio anagula bokosi ndi kulipira galimoto yonyamula maliro. Anthu anawayamikira. Atabwerako kumaliro anapeza mzere uli pomwepo, wautali kuposa kale.

"Bwato limodzi likuchepa," anauza akazi awo.

"Abambo ake a Maxwell, m'bwato muja mwafa munthu," anatero a Ottilia. "Bwanji tipume kaye?"

"Ngozi ndi ngozi. Tikapuma tidya chiyani?"

Anagula bwato lachiwiri n'kutsitsa kansanza kaja kudenga.

Kuyambira pamenepo mpando wa kutsogolo wa bwato loyamba sunkauma. Dzuwa liwombe chotani, thabwalo linkakhala lonyowa, ngati pangonyamuka munthu wotuluka m'madzi. Masana ena, doko lili zii, a Gervazio anaona munthu atakhala pampandopo, atawafulatira, madzi akudontha m'shati. Anaitana. Munthuyo sanatembenuke. A Ottilia atafika ndi chakudya anawapeza akuyang'anitsitsa bwato lopanda munthu.

Apo n'kuti a Bonface atagwa pa bizinesi. Anatsitsa mtengo kangapo osapeza munthu, njinga yamoto anagulitsa, ndipo pamapeto pake anabwera okha kudzapempha a Gervazio kuti agule mabwato obiriwira aja. A Gervazio anagula pa mtengo wachipongwe. Limodzi anaphwasula. Linalo anakhomamo msomali wachitatu tsiku lomwelo, wachiwiri uja usanatenge n'komwe munthu wake.

Patapita masiku, a Bonface anaima pamzere ngati wina aliyense, ukonde uli paphewa.

"Achimwene, ndabwera kudzachita hayala," anatero. "Ana akufuna kudya."

A Gervazio anayang'ana kumbali. Kuwabweza sakanatha. Anatchula mtengo wowirikiza katatu, akuyembekeza kuti mnzawoyo akwiya n'kuchoka.

A Bonface anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa ndalama zomwe zija anagulitsira mabwato awo.

"Palibe kanthu. Akuti anu sabwerako chabe."

Anawaika ndalamazo m'dzanja. Madzulo bwato lachiwiri linabwerera lokha, lodzaza nsomba.

Pamaliro a a Bonface, a Gervazio anapemphedwa kunyamula nawo bokosi. Linkadontha madzi paphewa pawo njira yonse ya kumanda, koma atafunsa amene anali kumbuyo kwawo, iye anati bokosi ndi louma.

Tsopano mantha anawagwira. Anatenga pulayala kukazula msomali wachitatu, koma pulayalayo inkangoterereka, ndipo pamutu pa msomali pankatuluka madzi ozizira. Anaganiza zothamangitsa anthu ndi mtengo. Bwato lobiriwira analiikira mtengo woti palibe msodzi wanzeru angalipire. Mbiri inamveka mpaka ku Katete kuti pa damu pali bwato lodula kuposa onse, ndipo anthu anati chodula chonchi ndiye kuti nsomba zake si zamasewera. Anayamba kusonkherana anayi anayi. Ena anabwera pa minibasi kuchokera ku Chipata. Aliyense wotambasula dzanja, a Gervazio ankamuyang'ana kumaso n'kumadzifunsa ngati ndi ameneyu. Ankalandira ndalamazo, ndipo madzulo ankaima m'madzi mpaka m'mawondo kudikira kuti aone ngati m'bwato muli mitu ya anthu.

Anaonda. Chakudya ankangochitokosa. Pa doko tsopano ankaona anthu awiri okhala m'mabwato, onse owafulatira, ndipo mmodzi ankamudziwa ndi chipewa.

Mu Ogasiti, nthawi ya mwambo wa Kulamba ku Mkaika, Maxwell anabwera kudzaona makolo. Anali atanenepa, atapeza ntchito yoyendetsa lole, ndipo anabweretsera amake chitenje ndi atate wake nsapato. Mwambo utatha anati akhaleko pang'ono.

"Atate, ndimamva mbiri ya bwato lanu lobiriwira mpaka ku Lusaka. Mawa mundipatse ndikaponyeko."

A Gervazio anamva mtima kupepuka koyamba m'miyezi yambiri. Wokwera ulere madzi samudziwa. Tsiku lililonse limene mwana wawo angakhale m'bwatolo, palibe mlendo amene angafe nalo.

"Tenga, mwana wanga. Tenga masiku onse amene uli kuno. Koma usandipatse kanthu. Wamva? Ngakhale kakobidi."

"Anthu onsewa akulipira, ine ndikwere chabe?"

"Ndanena kuti usandipatse kanthu."

Maxwell anaseka n'kuvomera. M'mawa ananyamuka yekha, akuimba mluzu. A Gervazio anakhala pa chitsa chawo, foni ili m'manja, akuyankha ogula nsomba. Dzuwa linakwera. Bwato lobiriwira linkaoneka kutali pakati pa damu, laling'ono ngati tsamba.

Foni inanjenjemera m'dzanja lawo. Anayang'ana. Unali uthenga woti alandira ndalama kuchokera kwa Maxwell, mtengo wonse wa hayala.

Anayesa kuzibweza. Zala zinkaphonya manambala. Atakwanitsa, foni inati ayesenso nthawi ina. Anamuimbira.

"Atate, musakwiye," anayankha Maxwell, mawu ake ali ndi chimwemwe. "Bizinesi ndi bizinesi. Zaka zonsezi sindinakupatsenipo kanthu. Lero ndiloleni ndilipire ngati mwamuna."

"Bwerera. Siya ukonde, siya zonse, palasa ubwere kuno."

"Nsomba ndiye zayamba kumene. Simungakhulupirire mmene—" Anadukiza. Panamveka madzi akugunda matabwa. Atayankhulanso, mawu ake anali atatsika.

"Atate, kodi m'bwato muno munakwezamo munthu wina?"

"Usamuyang'ane, Maxwell. Palasa."

"Wakhala kutsogoloku. Wanyowa thupi lonse. Akutembenuka."

Foni inaduka.

A Gervazio anakankhira bwato loyamba m'madzi n'kupalasa ngati wamisala, koma bwatolo linkangozungulira pamalo amodzi. Anthu a pa doko anaona bwato lobiriwira likubwera pang'onopang'ono, molunjika, n'kudutsa a Gervazio pafupi kwambiri moti akanatha kuligwira. Munali nsomba zodzaza. Foni ya Maxwell inali pamwamba pa ukonde wopindidwa, youma.

Anamuvuula tsiku lotsatira. Pamaliro a Gervazio sanalire. Anaimirira pakati pa anthu n'kuyamba kufotokoza za misomali, za ku Vubwi, za bambo wa ku Petauke ndi a Bonface, mwadongosolo ngati akuwerenga chilengezo kutchalitchi. Mkazi wa a Bonface anakomoka. A Ottilia anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo atangoika maliro anapita kwawo osalowanso m'nyumba ya malata ija.

Achibale ena anapita ku Vubwi. Chigayo anachipeza, koma nyumba ya kuseri kwake inali yopanda zitseko, ndipo oyandikana nayo anati simunakhalemo munthu kwa zaka zambiri.

Palibe anakweranso mabwato aja ngakhale ulere. Anawolera pa doko pomwepo, ndipo asodzi anasamukira tsidya lina. A Gervazio masiku ano amapezeka ku Katete, m'mbali mwa msewu waukulu pamene pamaimira maminibasi. Amayenda manja atawabisa m'khwapa. Wachifundo akawaponyera ndalama amalumpha ngati aona njoka, n'kuyamba kumuchonderera kuti aitole msanga, asakwere, abwerere kwa ana ake.

Umphawi umawawa, ndipo kuona mnzako akukwera iwe uli pansi kumawawa koposa. Koma chuma chimene mtengo wake ndi moyo wa munthu sichikhala chotchipa chifukwa choti wofayo ndi mlendo. Amene wavomera kuti wina afe kuti iye adye, wavomera kale za m'nyumba mwake, kungoti sanauzidwe tsiku. Dyera silidziwa kunena kuti zakwana, ndipo likamaliza anthu akunja limalowa pakhomo pa mwini wake.