Dzina la Nkhafi ya Nalishebo

Anakumana padoko la Namaloba, pomwe amalonda amadikirira mabwato. Nalishebo ankakweza matumba a mchere, thukuta lili kamukamu, pamene mnyamata wovala zibangili zamkuwa anaima patsogolo pake.

"Mungandiwolotse, kakombo wa mumtsinje?"

"Kakombo sapalasa bwato, bambo. Kwerani, koma musandipondere mchere."

Mnyamatayo anali Imasiku, nthumwi ya mzinda wa Silwela wa kumtunda kwa mtsinje. A ku Silwela ankafuna mgwirizano: iwo atipatse asilikali otiteteza kwa achifwamba a m'madzi, ife tiwapatse doko lathu. Doko lomwe linatilera! Ukapereka doko, mawa udzapalasa bwato la yani?

"Ndiye mwabwera kudzatilanda chakudya pakamwa?" anafunsa Nalishebo ali pakati pa mtsinje.

"Ndinabwerera zimenezo," anatero Imasiku, "koma ndaona maso ako, ndaiwala zomwe anandituma."

Nalishebo anaseka mpaka bwato linapendekeka. Mtsikana woti ng'ona zimamupatuka, tsiku limenelo anaphonya doko.

Basi, zigoba za nkhono zinayamba kuyenda. Kwathu ukanong'oneza mawu m'chigoba n'kuchiponya mumtsinje wathu wa Lwenge, madzi amakachitula kwa amene ukumutumizira, ngakhale akhale kumtunda. Nalishebo ankati akavuula chigoba, n'kuchiika kukhutu, mtima uli phaphapha.

"Kakombo wanga, ndadya nsomba koma sinandikome. Palibe iwe."

"Wapamtima, akandithamangitse kwathu ku Silwela, ine ndidzakhala mkamwini wa ku Namaloba."

"Doko lako ndi langa. Ndidzalitchinjiriza ndi chifuwa changachi."

Ndani sakanakhulupirira? Msuweni wake Sibeso, amene naye anali ndi bwato lake, ankamugemula.

"Iwe Nalishebo, khutu limenelo lidzamera nkhono! Akukuuza chiyani?"

"Zako n'ziti? Peza wako."

"Ndani wakuuza kuti ndilibe?" anayankha Sibeso akumwetulira chamumtima.

Mudzi wathu umalamulidwa ndi Bwalo la Nkhafi. Aliyense wokhala ndi bwato ali ndi mawu, ndipo mawuwo ndi nkhafi yake. Pogamula nkhani, munthu amaitchula dzina nkhafiyo, iyo n'kuima yokha chilili pamadzi, kuvuma ngati wavomera, kuzambwe ngati wakana. Dzinalo ndi chinsinsi. Umangouza yekhayo amene udzakwatirane naye, ndipo iyeyo akhoza kukakuimikira nkhafi pabwalo.

Tsiku lina masana, ali pansi pa mkuyu wa padoko, Imasiku anamugwira dzanja.

"Ndipatse nkhafi yako, njiwa yanga. Ndikaiimike kuzambwe ndi manja angawa, mudzi wonse uone kuti ndasankha iwe, osati Silwela."

Nalishebo anagwetsa misozi ya chimwemwe. Ananong'oneza dzinalo kukhutu kwa Imasiku. Iye anaseka n'kumupsompsona pachipumi, koma maso ali kumabwato a mchere omwe ankakocheza.

Tsiku la bwalo mudzi wonse unakhamukira kumchenga. Bo Akufuna, mayi wotsogolera bwalo, anakhala pa bwato lovundikira. Nkhafi zinaima, izi kuvuma, izi kuzambwe, mpaka mbali zonse zinafanana. Zinatsala ziwiri: ya Nalishebo m'manja mwa Imasiku, ndi ya Sibeso yomwe mwini wake anaikumbatira pachifuwa.

Imasiku analowa m'madzi, amayi n'kululutira poona kuti chibwenzi chaululika. Nalishebo anatukula mutu monyadira.

Koma Imasiku anakhotera kuvuma.

"Imasiku! Kuzambwe ndi uku!"

Sanacheuke n'komwe.

"Bo Akufuna, muletseni! Nkhafi imeneyo ndi yanga!"

"Unapereka wekha, mwanawe," anatero mayiyo mwachisoni. "Akaitchula dzina, yaima."

Nalishebo anamuyang'anitsitsa Imasiku. Ndiye zigoba zonse zija zinali nyambo? Njiwa, kakombo, wapamtima, zonsezo pofuna mtengo umodzi wopalasira? Zinamupweteka, ndipo ife tonse tinamumvera chisoni.

Imasiku anakweza nkhafi ija, n'kufuula dzina molimba mtima.

"Ndidikira!"

Nkhafi ya Nalishebo inangoti phava, kugwa chagada pamadzi. Koma ya Sibeso inatsomphoka pachifuwa cha mwini wake, n'kuuluka pamitu ya anthu, n'kukaima chilili pambali pa Imasiku!

Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Dzina la nkhafi ya Sibeso mlendoyu analimva kuti?

"Mayi ine!" analira Sibeso atagwira kumutu. "Unati ndine ndekha! Unati Nalishebo ukungomugwiritsa ntchito!"

Ndimo mmene amathera oyenda njira ziwiri. Mwana wa ku Silwela ankayesa maina a nkhafi ali ngati maina achikondi, oti limodzi limakwanira akazi onse.

Nalishebo analowa m'madzi osapinda n'chovala chomwe. Anatola nkhafi yake n'kuipukuta ndi dzanja.

"Kakombo wanga, ndimvere kaye..."

"Kakombo uti, bambo? Tilipo awiri."

"Lilime langoterereka! Ndinkachitira tsogolo lathu. Ukanakhala mkazi wa mwini doko, osanyamulanso mchere!"

"Ndinakudandaulirani kuti mchere ukundilemera?"

"Popanda asilikali athu achifwamba adzakumalizani!"

"Achifwamba amabwera ndi mikondo, timawaonera patali. Inu munabwera ndi zigoba."

Anthu anaseka, koma Nalishebo sanaseke. Misozi inkatsika ndithu, pakuti ankamukonda munthuyu, ndipo chikondi sichitha tsiku lomwe wachitulukira bodza. Anapita kuzambwe akulira choncho, mutu uli m'mwamba.

"Mwanawe," anatero Bo Akufuna, "nong'oneza. Ukatchula mokweza, sudzakhalanso ndi chinsinsi chopatsa mwamuna."

"Alimve onse, mayi. Amene ndinamupatsa mwakachetechete sanalisunge."

Anakweza nkhafi yake, n'kufuula mpaka tsidya linayankha.

"Sindibwerekedwa!"

Nkhafi inaima nji, madzi n'kuizungulira. Sibeso anapukuta m'maso, anakazula yake kuvuma, n'kudzaiimika pafupi ndi ya msuweni wake. Sanayang'anane, koma mapewa awo anagundana.

"Doko likhala la Namaloba," anagamula Bo Akufuna.

Anthu atabalalika, Imasiku anatsala yekha pamchenga ndi zibangili zake. Bwato lililonse lomwe analikodola linamudutsa. Potsiriza panadzera la Nalishebo, lodzaza ndi mchere.

"Nalishebo, chonde! Ungondiwolotsa kokha, ndizipita kwathu."

Mtsikanayo anaimitsa bwato. Anatulutsa kathumba momwe ankasungamo zigoba zija, n'kuzikhuthulira mumtsinje. Zonse zinayandama kubwerera kwa amene anazinong'oneza, n'kumuzungulira m'miyendo, chilichonse chikulankhula ndi mawu ake omwe: "kakombo wanga, wapamtima, njiwa yanga."

"Munati chifuwa chanucho n'cholimba," anatero Nalishebo akuviika nkhafi m'madzi. "Sambirani nacho."