Mawu a Malemu pa Mpando wa Sewero

Chodabwitsa choyamba chinali dzina. Nesi wa m'gulu la masewero, atakhala pa mpando wa sewero maso atatsinzina, anamuitana telala kuti "a Mawamawa." M'tauni yonseyo, mmene telalayo anakhalamo zaka zambirimbiri akusoka mayunifolomu a anthu a pafakitale, panalibe amene anamuitanapo choncho. Linali dzina lakuchipinda, lomunena mkazi wake yekha kwawo, chifukwa chilichonse akamupempha ankayankha kuti mawa. Ndipo mkaziyo anali atamwalira kalekale.

Gulu lawo la masewero linkakumana madzulo akaweruka, m'chipinda chosungiramo mipando kuseri kwa holo ya fakitale. Munali babu limodzi lofooka, fungo la fumbi, ndi mpope wa m'khoma umene unkadontha osalekeza. Sewero sankalemba papepala. Ankalipanga pamodzi, aliyense akulankhula m'malo mwa munthu wake, ndipo lamulo linali limodzi: chimene mnzako wanena ali m'sewero sutsutsa, umachilandira n'kuwonjezerapo chako. Wotsogolera anali mlamu wake wa telalayo, mchimwene wa malemu, amene ankayendetsa lole ya pafakitalepo.

Chaka chimenecho anasankha nkhani ya munthu wogoneka anzake ndi mawu okha, kuti akagona aulule zakukhosi. Telala ndiye anali wogonekayo, nesi wa pakiliniki ya fakitale ndiye wogonekedwa. Poyamba zinali zoseketsa. Telala ankatong'ola maso uku akugwedeza wotchi, nesi n'kugwa ngati thumba la simenti.

"Alamu, mukuopseza nkhuku kapena?" anatero dalaivala. "Ikani wotchiyo m'thumba. Tsitsani mawu, muzilankhula motsatira mpweya wake. Inunso anesi, munthu sagona ngati wawomberedwa. Zikope zilemere, zala zimasuke, akakufunsani muziyankha mochedwa."

Anachitadi choncho. Telala analankhula pang'onopang'ono, mawu ake akutsika ngati madzi olowa mumchenga, mpaka m'chipindamo munangotsala kudontha kwa mpope. Mutu wa nesi unapendekeka. Ndi pamene dzina lija linatuluka, motsitsa, mokoka kumapeto monga ankalikokera mwini wake.

Telala anafuna kudzuka, koma lamulo la gulu linali litamulowerera m'magazi. Anangomva pakamwa pake pakuyankha kuti, "Ndili pano."

Atamudzutsa, anamufunsa monong'ona kumene analitenga dzinalo.

"Dzina liti, atelala? Ine sindikukumbuka kanthu."

Madzulo otsatira zinapitirira. Nesi atangogona anayamba kupinda nsonga ya siketi yake ndi chala chachikulu, kupinda n'kutambasula, kupinda n'kutambasula. Kenako anadandaula za chitseko cha kukhitchini chimene chinkalowetsa mvula.

"Munati mukonza mukadzabwera," anatero, maso ali chitsinzinire. "Ndaika chiguduli pansi pake."

Tsiku lina anayamba kukhosomola, kachifuwa kouma kochokera pansi. Babu linkaphethira, mithunzi ya mipando yosanjikizana inkatalika pakhoma ngati anthu oimirira akumvetsera. Ena a m'gululo anaunjikana pakhomo, palibe woseka.

Mphekesera zinafalikira pafakitale. Mlonda anati akatseka holo amamva mpando uja ukulira wokha ngati wina akukhalapo. Mayi wophika kukantini anasiya kubwera, akuti iye analowa gulu la masewero, osati la mizimu. Ena ankati telala ali ndi mankhwala m'lilime, ndipo akakumana naye pamsewu ankayang'ana pansi. Mwiniwakeyo anaonda. Pamakina ankalumikiza manja a malaya motembenuza, makasitomala n'kumabweza. Tsiku lonse ankangodikira kuti dzuwa lipendeke.

Chinamusautsa chinali chimodzi. Mkazi wake atadwala, uthenga unkabwera wakuti pitani, iye n'kumati ntchito ikachepa. Dalaivala ndi amene anapita kukadwazika mlongo wake. Telala anakafika atamuika kale, maluwa a pamanda atafota. Kuyambira pamenepo sanadziwe ngati mkaziyo anatsikira kuli chete atamukhululukira, ndipo iye sanamufunsepo mlamu wakeyo, poopa yankho. Tsopano mawu aja anali atabwerera, ndipo anatsimikiza mtima kuti afunsa mwiniwake.

Tsiku limenelo anatseka shopu mofulumira, atanyamula jekete lakuda limene anasokera sewerolo. Kunja kunali kutangoyamba kuda. Pakhonde la kuseri kwa holo panalibe munthu, koma pansi pa chitseko pankatuluka kuwala. Ali pafupi kugwira chogwirira, anamva chifuwa chija. Kenako anamva mawu a mwamuna.

"Ayi anesi, mwakweza. Sankakhosomola choncho. Pang'ono chabe, kenako mumeze malovu. Mukatero munene kuti, ndakudikirani mpaka maso auma."

Telala anakankha chitseko. Nesi anali pampando maso ali gwa, dalaivala atamuweramira, dzanja lili pachifuwa pake posonyeza pochokera chifuwacho.

"Alamu," anatero telala. "Mlongo wanu weniweni?"

Nesi anayang'ana uku ndi uku. "Mlongo wa ndani? Adalaivala, simunati mayiyu ndi wongopeka? Simunati ndizikana kuti sindikukumbuka kuti anzathu achite mantha enieni?"

Dalaivala sanachite manyazi. Anaongoka, n'kupukuta manja pa buluku.

"Sewero linali lakufa," anatero. "Nkhope yanu inali ngati thabwa. Pano aliyense akukhulupirira, ngakhale mlonda."

"Dzina lija munalidziwa bwanji?"

"Ankalitchula pamphasa, usana ndi usiku. Galimoto ikangodutsa pamsewu ankadzutsa mutu, amvekere a Mawamawa afika. Ine ndi amene ndinkamuuza kuti ayi, gonani. Ndazisenza ndekha zaka zonsezi, alamu, inu mukundipatsa moni ngati palibe chinachitika. Ndinati mulaweko."

Nesi anali atagwira kukamwa, misozi ikutsika. Anadzuka kuti azipita, koma telala anaima pakhomo. Sanakalipe. Anaika jekete lija pa mpando wina mosamala, n'kutembenukira kwa mlamu wake ngati munthu wopempha madzi.

"Chabwino, ndalawa. Tsono malizani. Muwauze anesi anene kuti anandikhululukira."

"Sananene."

"Ndi sewero, alamu. Mawu awiri okha."

"Ndinalipo mpaka mpweya womaliza. Zonse ndawapatsa anesizi ndinazimva ndi makutu angawa. Chimene sananene sindimuika m'kamwa."

Anatenga makiyi a lole n'kutuluka. Nsapato zake zinamveka pakhonde, zikuchepa, mpaka zinatha.

Anatsala awiri. Mpope unkadontha. Nesi anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, nakhalanso pa mpando uja.

"Atelala, ndakulakwirani osadziwa. Bwerani. Mawu ake ndawazolowera, ndikunenerani ineyo."

Telala ankadziwa bwinobwino kuti ndi bodza, komabe anakoka mpando wake. Anatsitsa mawu monga anaphunzitsidwira, akutsatira mpweya wa mayiyo. Zikope zinalemera, zala zinamasuka, mutu unapendekeka. Chala chachikulu chinapeza nsonga ya siketi.

"Mayi," ananong'ona telala, "munandikhululukira?"

Milomo ya nesi inatseguka. Khosi linagwedezeka ngati mawu akukwera, koma palibe chinatuluka. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi inatupa, thukuta linatuluka pamphumi. Kenako milomo ija inatsekeka pang'onopang'ono, nkhope inatembenukira kukhoma, chibwano chili m'mwamba pang'ono, n'kukhala choncho.

Telala anaima mutu. Umu ndi mmene mkazi wake ankakhalira chete akamukhumudwitsa kuchipinda, chitseko chili chotseka, kumene mchimwene wake sanapondeko.

Anawomba m'manja kuti amudzutse. Nesi anatsegula maso akupuma mwabefu, atagwira pakhosi.

"Ndinayesa, atelala," anatero monong'ona. "Mulungu ndi mboni, ndinayesa. Lilime linakana."

Telala anazimitsa babu kuti asaonenso nkhope ija, koma mumdimamo anapitiriza kumva kansalu kakupindidwa n'kutambasulidwa.

"Anesi, siyani siketiyo."

"Manja anga onse ali pakhosi," anatero nesi.